Foni ikakana simu: uphungu kwa achikumbi a ku Mwanza

Nyengo ya manachesi ikafika, kuyambira cha mu Epulo mpaka mu Julaye, msewu wochoka ku chipata cha Mwanza kupita ku Blantyre umasanduka msika. Madengu amandandalikidwa m'mbali mwa msewu, magalimoto a mavenda amalowa m'midzi, ndipo mlimi amakhala ndi masiku owerengeka oti agulitse zipatso zake zisanayambe kufewa ndi kuola. M'masiku amenewa mlimi amene ali ndi foni yogwira ntchito amayamba wamva mtengo wa ku Limbe asanatchule wake. Amene alibe amangovomera zimene wogula wanena.

Tsono pali vuto limene ndakhala ndikulipeza pafupifupi pa gulu lililonse la alimi limene ndimaphunzitsa m'boma lino. Foni ilipo, yokongola ndithu, yotumizidwa ndi mwana wa ku Joni kapena yogulidwa kutsidya ku Zobue, koma ukaikamo simu ya kuno imakana. Mwini wake amaisunga m'chikwama ngati chithumwa, kapena amapita nayo kwa okonza mafoni kuti akaitsegule, ndipo kumeneko ena amataya ndalama, ena manambala a ogula, ena foni imene. Ine ntchito yanga ndi ya mbewu ndi nthaka, koma poona kuti foni yasanduka chipangizo cha ulimi monga khasu ndi sikelo, ndaona kuti nkhaniyi ndi yoyenera tsamba lino.

Chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza mlimi

Mafoni a m'manja anayamba m'dziko muno ndi kampani ya TNM yomwe inakhazikitsidwa mu 1995. Mu 1999 kunabwera Celtel, yomwe inasintha dzina kukhala Zain mu 2008, kenaka Airtel mu 2010. Poyamba zinali za mabwana a m'tauni. Zinthu zinasinthiratu pamene Airtel Money inayamba mu 2012 ndipo Mpamba ya TNM inatsatira mu 2013. Kuyambira pamenepo foni inakhala chikwama cha ndalama. Wogula nandolo atha kulipira ali ku Blantyre, ndipo mwana wa ku Johannesburg atha kutumiza ndalama ya feteleza osadikira basi.

Mitengo ya mbewu zathunso imapangidwira kutali. Alimi a nandolo sanaiwale chaka cha 2017 pamene dziko la India, lomwe limagula nandolo wambiri wa kuno, linachepetsa kuchuluka kwa nandolo wololedwa kulowa m'dzikomo, ndipo mtengo unagwa mpaka ena anangomusiya m'munda. Foni sikanaletsa zimenezo. Koma mlimi amene amamva msanga za kusintha kwa msika amadziwa kuti agulitse lero kapena asunge, ndiponso kuti chaka chamawa adzale zochuluka bwanji. Chimodzimodzinso ndi machenjezo a zanyengo. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anatiphunzitsa kuti uthenga wofika pa nthawi yake utha kupulumutsa ziweto ndi miyoyo.

Boma la Mwanza ndi la mapiri ndi zigwa. Pali midzi imene netiweki ya kampani imodzi imagwira pakhomo pomwe, pamene ya inzake mpaka ukwere pachulu. Madera ena a m'malire, monga mbali ya ku Thambani, nthawi zina netiweki imene imamveka bwino ndi ya ku Mozambique. Kumeneko kuli makampani atatu: Vodacom yomwe inayamba mu 2003, Movitel yomwe inayamba mu 2012, ndi Tmcel yomwe kale tinkaidziwa kuti mcel. Motero mlimi wa kuno amafuna foni yolandira simu iliyonse kuposa munthu wa pakati pa mzinda.

Makampani amatsekeranji mafoni?

Amene analimapo fodya kapena thonje pa kontirakiti amvetsa msanga. Kampani imakupatsa mbewu ndi feteleza mosavuta, koma pa mgwirizano woti zokolola udzagulitse kwa iyo. Makampani a mafoni amachita zofanana. Amagulitsa foni pa mtengo wotsika, podziwa kuti ndalama yawo idzabwerera pang'onopang'ono pa mayunitsi amene udzagule. Pofuna kuti usathawire kwa anzawo, amaika loko mu pulogalamu ya foniyo kuti izilandira simu yawo yokha. Ambiri akukumbukira timafoni totsika mtengo timene anthu anatitcha Mose wa Lero, momwe tina tinkakanira simu ya kampani ina. Ku South Africa mafoni ambiri otsika mtengo a m'masitolo amakhala otsekedwa motere, ndipo mwana wanu pogula mwina sadziwa n'komwe chifukwa kumeneko foniyo imagwira bwinobwino.

Maiko ena analetsa mchitidwewu. Ku Canada analetsa kugulitsa mafoni otsekedwa mu Disembala 2017, ndipo ku Britain lamulo lotere linayamba kugwira ntchito mu Disembala 2021. Choncho foni yatsopano yochokera kumeneko siyenera kuvuta, koma yakale itha kukhala ndi loko.

Yambani mwadziwa matenda

Chimanga chikachita chikasu, mlimi wanzeru sathamangira kugula mankhwala. Amayamba waona ngati ndi njala ya feteleza, kaufiti, kapena madzi odikha m'mizere, pakuti chilichonse chili ndi mankhwala ake. Foni yokana kugwira ntchito nayonso ili ndi matenda osiyanasiyana amene anthu amangowaphatikiza n'kumati "yalokedwa". Ndikufotokozerani asanu.

Loyamba ndi loko ya netiweki, yomwe ndi mutu wa nkhani yathu. Chizindikiro chake n'chakuti foni imayaka bwino, koma mukaikamo simu ya kuno imalemba mawu achingerezi monga "SIM network unlock PIN", "Network locked" kapena "Invalid SIM". Mukaikamo simu ya kampani imene inagulitsa foniyo, mawuwo sabwera. Loko imeneyi imatheka kutsegula.

Lachiwiri ndi loko ya simu yanu yomwe. Foni ikapempha PIN ndipo mwalakwitsa katatu, imapempha PUK. Apa vuto silili mu foni ayi. Nambala ya PUK imakhala pa kakhadi kamene munathyolapo simu, kapena mutha kuipeza ku kampani yanu mutaonetsa chiphaso. Musaiyerekeze, chifukwa mukalakwitsa kakhumi simuyo imafa. Musalipire munthu aliyense kuti akutsegulireni loko imeneyi.

Lachitatu ndi loko ya mwini foni. Mafoni a Android kuyambira cha mu 2015, ndi a iPhone kuyambira mu 2013, amamangiriridwa ku akaunti ya mwini wake, ya Google kapena ya Apple. Foni yotere ikafufutidwa imafuna dzina ndi mawu achinsinsi a mwini woyamba. Ngati yachokera kwa mbale wanu, muimbireni kuti aichotse pa akaunti yake. Ngati wogulitsa akulephera kunena kuti mwini wake ndani, bwezani foniyo, pakuti kawirikawiri imakhala yakuba.

Lachinayi ndi loko ya ngongole. Masiku ano kuli mafoni ogulitsidwa molipira pang'onopang'ono, ndipo ukaphonya kulipira kampani imaitseka ili kutali. Anthu ena osakhulupirika amatenga foni yotere n'kuigulitsa kumudzi, ndipo pakapita masiku ochepa imadzitseka. Mankhwala ake ndi amodzi okha, kumaliza ngongoleyo.

Lachisanu si loko kwenikweni koma kapangidwe ka foni. Mafoni ena akale a ku America anapangidwa kuti azimva mafunde osiyana ndi amene makampani a kuno amagwiritsa ntchito, ndipo ena alibe ngakhale polowetsa simu. Ma iPhone 14 ogulitsidwa ku America mu 2022 nawonso alibe kabowo ka simu, amagwiritsa ntchito simu ya mkati yotchedwa eSIM. Foni imene simva mafunde a kuno, ngakhale muitsegule kangati, siidzagwira. Kuli ngati kudzala mbewu ya kumalo ozizira ku chigwa cha Shire.

Njira yosavuta yosiyanitsira ndi iyi. Ikani simu yanu mu foni ya mnzanu. Ikagwira, simu ili bwino. Kenaka ikani simu ya kampani ina mu foni yanu, ndipo lembani papepala mawu enieni amene foniyo yalemba. Ngati foni ili ndi malo awiri a simu, yesani onse, chifukwa mafoni ena a ku Joni amatsekedwa malo oyamba okha pamene achiwiri ali otsegula. Alimi angapo amene ndinawalangiza zimenezi anapeza kuti panalibe chofunika kulipira.

Njira yoyenera yotsegulira

Foni iliyonse ili ndi nambala yake ya manambala 15 yotchedwa IMEI, monga momwe ng'ombe imakhalira ndi chizindikiro cha mwini wake. Mukadina *#06# nambalayo imaoneka, ndipo foni ya simu ziwiri imaonetsa manambala awiri. Ilembeni m'kope limene mumalembamo za kumunda. Ifananitseni ndi imene yalembedwa pa katoni kapena pansi pa batire. Zikasiyana, dziwani kuti foniyo inaseweretsedwapo kale.

Khodi yotsegulira loko ya netiweki imayenderana ndi IMEI, ndipo khodi ya foni ina singagwire pa inzake ngakhale zikhale za mtundu umodzi. Amene ali ndi khodi yeniyeni ndi kampani imene inatseka foniyo. Choncho njira yabwino koposa ndi yoti amene anagula foniyo apite ku sitolo ya kampaniyo ndi risiti komanso IMEI, akapemphe khodi. Kampani iliyonse ili ndi malamulo ake, ndipo ena amafuna kuti papite nthawi kapena kuti ngongole ithe. Inu makolo amene muli ndi ana ku Joni, auzeni kuti asanatumize foni afunse m'sitolo ngati ili yolandira simu iliyonse, ndipo risiti asataye. Safunsa anadya phula.

Khodi ikabwera, ikani simu ya kuno, yatsani foni, ndipo ikapempha khodiyo lembani modekha. Samalani kwambiri apa. Foni imalola kuyesa kowerengeka, ina katatu, ina kasanu, ina kakhumi. Mukapyola pamenepo imadzitseka kolimba ndipo kutsegula kwake kumavuta ndi kudula koposa. Musapereke foni kwa achinyamata a pakhomo kuti aziyesa manambala a m'mutu mwawo.

Mukapita kwa okonza mafoni

Si nthawi zonse pamene khodi ya ku kampani imapezeka, ndiye ambiri amathera kwa anyamata okonza mafoni pa malo a malonda. Ena mwa iwo ndi aluso ndi okhulupirika. Amatsegula m'njira ziwiri: kugula khodi pa intaneti pogwiritsa ntchito IMEI, kapena kulumikiza foni ku kompyuta n'kusintha pulogalamu yake, kumene timati kufulasha. Njira ya khodi siwononga kanthu. Kufulasha kumafufuta zonse za mu foni, ndipo kukalakwika, kapena magetsi akazima ntchito ili mkati, foni itha kufa osadzukanso.

Chaka china ndikuphunzitsa gulu la amayi za kadulidwe ka nthambi za mitengo ya zipatso, mayi wina wachikulire anandikokera pambali. "Alangizi, taonani foni iyi ananditumizira mwana wanga. Ndinakaitsegulitsa ndipo ikugwira, koma manambala onse athawa." Ndinawafunsa kuti, "Mayi, nanga nambala ya bambo aja amene amakugulani manachesi munailemba pena pake?" Anapukusa mutu. Iwo anali atasamutsira manambala awo onse mu foni yatsopanoyo mothandizidwa ndi mdzukulu, ndipo wokonzayo anafulasha osawauza kuti zonse zifufutika. Wogula amene ankawapatsa mtengo wabwino kwa zaka zitatu anasowa njira yomupezera, ndipo chaka chimenecho anagulitsa kwa amene anangofika pakhomo. Foni anaitsegula, koma msika unawatsekekera.

Pofuna kupewa zotere, chitani izi musanapereke foni.

Lembani manambala onse ofunika m'kope: a ogula, a mlangizi wa m'dera lanu, a wogulitsa zipangizo zaulimi, a eni magalimoto, a alangizi a ziweto. Kope silifuna kutchaja.

Chotsani simu ndi memore khadi, muziike m'thumba mwanu. Wokonza ali ndi simu zake zoyesera. Ndalama zanu za Mpamba kapena Airtel Money sizikhala mu foni koma pa nambala yanu, motero kufulasha sikuzikhudza. Chimene chimazikhudza ndi kusiya simu m'manja mwa munthu wina. Nambala yanu yachinsinsi ya ndalama musauze aliyense, chifukwa kutsegula foni sikufuna nambala imeneyo ngakhale pang'ono.

Funsani kuti atsegula ndi khodi kapena afulasha. Gwirizanani mtengo ntchito isanayambe, ndiponso zimene zichitike foni ikafa. Pitani ndi mboni. Sankhani wokonza amene ali ndi malo okhazikika, osati wongobwera tsiku la msika.

Ntchito ikatha, yesani simu za makampani awiri muli pomwepo. Imbani, tumizani uthenga, zimitsani foni n'kuyatsanso. Dinaninso *#06# kuti muone ngati IMEI ili yomwe ija. Munthu akakuuzani kuti foni yanu ikufunika kusintha IMEI, tengani foni yanu muzipita. Imeneyo ndi njira yobisira mafoni akuba, ndipo ku Britain anaiika kukhala mlandu mu 2002. Kuno kwathu kupezeka ndi katundu wakuba ndi mlandu, ndipo apolisi akafika amayamba ndi amene foni ili m'manja mwake.

Za simu ndi malire

Foni ikatseguka pamabwera nkhani ina kwa ife a m'malire. Foni imasankha yokha netiweki, ndipo mukayandikira ku Zobue itha kulumphira ku netiweki ya ku Mozambique simu yanu ya Malawi ili momwemo. Mafoni ambiri amaonetsa chilembo cha R pamwamba zikatero. Kuimba kapena kugwiritsa ntchito intaneti motere kumadya mayunitsi ambiri chifukwa mumawerengedwa ngati muli kunja kwa dziko. Pemphani wodziwa kuti akusankhireni netiweki ya kwanu pamanja m'malo moisiya foni kuti izisankha yokha.

Ngati mumachita malonda ndi anzathu a kutsidya, simu ya kumeneko imathandiza poimbira manambala a kumeneko, amene amayamba ndi +258. Koma poimbira munthu wa ku Blantyre ndi simu imeneyo mukuimba foni ya kunja, ndipo nayenso akamakuimbirani amalipira mtengo wa kunja. Wogula akaona zimenezi amaleka kukuimbirani. Motero nambala imene mumapereka kwa ogula a kuno ikhale ya kuno, ndipo musamaisinthesinthe.

Mu 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti simu iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Simu imene mumalandirirapo ndalama ikhale m'dzina lanu, pa chiphaso chanu cha unzika, chifukwa ikatayika amene angaibwezeretse ndi mwini dzinalo. Izi ndikunena makamaka kwa inu amayi. Ndaona amayi ambiri amene amalima okha, kuthirira okha, koma ndalama ya zokolola imafikira pa simu yolembetsedwa m'dzina la munthu wina. Simu ndi yotsika mtengo. Khalani ndi yanuyanu.

Chenjeraninso ndi akamberembere amene amatumiza uthenga wonena kuti ali pa chipata cha Mwanza ndi katundu wanu wochokera ku Joni ndipo akufuna ndalama ya msonkho. Iwo amadziwa kuti mabanja ambiri akudikira katundu, mafoni omwewa ali m'gulu. Musanatumize kanthu, imbirani mbale wanuyo pa nambala imene mumaidziwa.

Kodi n'koyenera kutsegulitsa?

Mlimi amawerengera asanagule thumba la feteleza, ndipo apanso awerengere. Phatikizani mtengo wa kutsegula, ndalama yoyendera kupita ku Boma kapena ku Blantyre ndi kubwerera, komanso tsiku limene mwasiya ntchito ya kumunda. Kenaka funsani mtengo wa foni yatsopano ya mabatani ya simu ziwiri, monga za itel kapena Tecno zimene zadzaza m'masitolo. Ngati foni yotsekedwayo ili ya mabatani, nthawi zambiri mupeza kuti kugula yatsopano kuli bwino, pakuti imalandira makampani awiri nthawi imodzi ndipo batire lake limatha masiku angapo, chomwe ndi chinthu chachikulu kumudzi kopanda magetsi.

Ngati yotsekedwayo ili foni yamakono yojambula bwino, pamenepo kutsegula kuli ndi phindu. Ndi foni yotere mutha kujambula tsamba lodwala kapena mbozi imene yalowa m'chimanga n'kutumizira mlangizi pa WhatsApp, ndipo yankho limabwera tsiku lomwelo. Mutha kujambulanso madengu a manachesi kuti wogula aone kukula kwake asanawotche mafuta. Ine malangizo ambiri masiku ano ndimapereka motere, chifukwa sindingafike m'munda uliwonse pa nthawi imene matenda ayamba.

Kwa makalabu a alimi, uphungu wanga ndi woti pa msonkhano wanu wotsatira mupatule mphindi zochepa za nkhani imeneyi. Mlembi alembe IMEI ya foni ya membala aliyense m'buku la gulu, pamodzi ndi manambala a ogula onse amene gululo limawadziwa. Sankhani wokonza mafoni mmodzi amene mamembala amuyesa n'kumupeza wokhulupirika, ndipo muzipita kwa iye awiriawiri. Amene ali ndi foni yokana simu abwere nayo kuti muone limodzi kuti ndi loko iti mwa zisanu zija. Ntchito imeneyi ichitike zipatso zisanapse ndi nandolo asanaume, chifukwa nthawi yokolola ikafika sipakhalanso mpata woyenda ndi foni kwa okonza.